Kodi mwamuna ndi tiyi wakuda, mkazi ndi wamkaka?

Pa chinkhoswe cha mdzukulu wa azakhali anga ku Luchenza, mayi wina wolangiza anaimirira kapu ili m'manja, nauza ana awiriwo kuti mwamuna ali ngati tiyi wakuda wopanda shuga, wowawa ndi wamphamvu, pomwe mkazi ali ngati tiyi wamkaka, wozuna ndi wosavuta kumwa. Nthungululu zinamveka, ndipo bambo wina anawonjezera kuti mtsikana wa m'tauni ndi tiyi wobiriwira, wokwera mtengo koma wosagwira m'mimba. Ine sindinaseke nawo, chifukwa ndinaleredwa ndi mayi wothyola tiyi, ndipo zimene ndinaona pakhomo pathu sizigwirizana ndi fanizo limeneli.

Amayi anga anagwira ntchito zaka zambiri pa esiteti ina ya ku Thyolo. Nthawi ya dzinja, pamene tiyi amaphuka kwambiri, ankadzuka kusanache, n'kuvala pepala la pulasitiki m'chiuno poteteza chitenje ku mame, n'kubereka dengu lalikulu kumsana. Ankathyola masamba awiri anthete pamodzi ndi nsonga yake, manja onse awiri akuyenda limodzi, ndipo zala zawo zinali zakuda ndi zong'aluka moti sopo sankazitha. Iwo ndiwo anandiphunzitsa kuti tiyi wakuda, wobiriwira, woyera ngakhalenso uja amamutcha oolong, onsewo amachokera ku chitsamba chimodzi. Kampani ya Satemwa, yomwe inayamba mu 1923 ku Thyolo komweko, imapanga mitundu yonseyi, koma mbewu yake ndi ya mtundu umodzi umene akatswiri amautcha Camellia sinensis. Chimene chimasiyanitsa ndi zimene tsambalo limakumana nazo likachoka kumunda. Likafotetsedwa, n'kuduladulidwa ndi makina, n'kusiyidwa kuti mpweya ulilowe mpaka lide, kenako n'kuumitsidwa ndi moto, limatuluka tiyi wakuda, amene wambiri amagulitsidwa kunja, wina kudzera pa msika wa okushoni ku Limbe. Likatenthedwa msanga mpweya usanalisinthe, limakhalabe lobiriwira. Tiyi woyera ndi nsonga zanthete zimene zangofota ndi kuuma popanda kuzivutitsa.

Tsono ngati tifuna kufanizira anthu ndi tiyi, tiyambire pamenepa. Kunena kuti mwamuna anabadwa wowawa ndipo mkazi anabadwa wozuna n'kuiwala fakitale imene aliyense wa ife anadutsamo. Mnyamata amauzidwa akadali wamng'ono kuti mwamuna salira, ndipo amasiyidwa pamphepo mpaka mtima wake ude. Mtsikana amauzidwa kuti atsitse mawu, agwade bwino, asayankhe akulu ngakhale pamene walakwiridwa. Akakula, timawalawa n'kunena kuti ndi chibadwa chawo. Komanso mkaka ndi shuga si mbali ya tsamba ayi, koma amathira ndi womwayo pofuna kukometsa pakamwa pake. Mawu a mayi wolangiza uja anandipweteka pa chifukwa chimenechi: anayamikira mwamuna chifukwa cha mphamvu zake, koma mkazi anamuyamikira chifukwa cha kukoma kumene ena adzamve.

Kwathu zinthu zinali mosemphana. Amayi ndiwo anali tiyi wakuda, wa masamba ochuluka, uja amawira pa mbaula mpaka kufiira kuti psuu. Sankabisa mawu, ndipo kapitawo akawalembera makilogalamu opereweza pa sikelo, ankaima pomwepo osasuntha mpaka dengu liyezedwenso. Anthu ena ankawanena kuti ndi mkazi waukali, koma ukali umenewo ndi umene unalipira fizi yathu tonse anayi. Abambo anga, omwe anali telala pa khonde la sitolo ina, anali munthu wofatsa wolankhula pansipansi, ndipo ndiwo ankatiphikira phala tikadwala. Anzawo ankawaseka kuti anadyetsedwa khuzumule. Ine ndimawaona ngati tiyi wobiriwira, amene safuna madzi obwadamuka, chifukwa ukamuthira madzi owira kwambiri amawawa ndi kutaya fungo lake, koma ukayembekeza kuti madziwo azizireko pang'ono, amakoma modekha. Amayi ankadziwa zimenezi, ndipo sindikumbuka tsiku limene anakalipira abambo pagulu, ngakhale kuti kwa anthu ena onse ankanena chilungamo mosapsatira.

Pali chinanso chimene ndimaganiza ndikamadutsa minda yobiriwira ija pa msewu wopita ku Mulanje, kumene ulimi wa tiyi wamalonda unayamba m'zaka za m'ma 1890. Zitsamba zonse zimaoneka zofanana msinkhu, zolekeza m'chiuno mwa munthu, ngati tebulo lalikulu loyalidwa nsalu. Mlendo angaganize kuti tiyi ndi chomera chachifupi, pomwe zoona zake n'zakuti ukamusiya osamudulira amakula kukhala mtengo wautali kuposa nyumba. Timamudulira dala kuti othyola asavutike. Ndikudziwa atsikana anzeru a m'mudzi mwathu amene anadulidwa motero, n'kuchotsedwa sukulu ali sitandade 7, ndipo ndikudziwanso anyamata amene anadulidwa chifundo chawo chonse kuti aoneke amuna enieni.

Chinkhoswe chitatha ndinakafika kwa amayi, omwe tsopano anakalamba ndipo msana suwalolanso kubereka dengu. Ndinawafotokozera zimene zinanenedwa, iwo akupungula tiyi pa sefa, chinangwa chophika chili m'mbale. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mwanangu, amene ananena zimenezo sanathyolepo tiyi." Anathira mkaka m'kapu ya abambo, nawatengera pakhonde pomwe ankaothera dzuwa, ndipo yawo anamwa yakuda monga amachitira masiku onse.