Tsiku limene ndinavala ndege m'chiuno

Chithunzi chija chondionetsa ndili pamsewu wopanda thalauza, thupi la ndege ya matabwa lili kumapazi, mwachiona nonse, ndipo amene anachiponya pa gulu la WhatsApp la sosayiti ya maliro ndikumudziwa, tikumana kumsonkhano. Koma musanazolowere kundiitana kuti Kaputeni, imvani mbali yanga. Sindinagwe ndi ndege ayi. Munthu ungagwe bwanji ndi ndege yopanda mapiko, yopanda injini, yopanda ngakhale tayala? Ndipo thalauza sinang'ambike monga akunenera ena. Inachita kuvulidwa, pamaso pa mboni, pa zifukwa zaumisiri.

Amalume mukuwadziwa. Anakalambira ku bwalo la ndege la Charles Prince, ku Mount Hampden uko kunja kwa Harare, akumasula ndi kumanga tindege ta eni ake, ndiye atapuma ntchito analumbira kuti sadzafa asanapange yawoyawo. M'sutikesi mwawo munali mapulani a Pietenpol Air Camper, kandege ka anthu awiri kamene Bernard Pietenpol wa ku Minnesota anakaulutsa mu 1929 ndi injini ya galimoto ya Ford Model A. Thupi lake ndi timitengo, pulayiwudi, guluu ndi nsalu basi. Ine pokhala kalipentala wa pabanja ndinalembedwa ntchito, malipiro ake tiyi wopanda mkaka.

Kandege aka kali ndi khalidwe lake. Woyendetsa amakhala mpando wakumbuyo, ndipo chimene chimamubweza kuti asakokere ndege kumchira ndi kulemera kwa injini kumphuno. Ya Ford ija imapitirira makilogalamu 100. Amalume anapeza injini ya Continental A-65, yosafika ndi 80 omwe. Kutsogolo kwapepuka, kumbuyo kukhala amalume, ndipo mimba za kwathu mukuzidziwa, n'zakumtundu. Phiko lake ndi la mainchesi 60 kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo, ndipo pamene ndege yonse imakhazikika sipayenera kupitirira mainchesi 20 kuchokera kutsogolo kwa phikolo. Pakapitirira, ndege imadzutsa mphuno yokha, liwiro limatha, ndipo ukaiuza kuti iwerame imakana. Zonsezi ndikuzidziwa tsopano. Nthawi imeneyo palibe anandikhazika pansi.

Amalume anapita ku Ntcheu kukamanga chiliza. Ali konko ananditumizira uthenga wa mawu, ndipo ndikadali nawo, aliyense wofuna abwere adzamve: "Mphwanga, ndawerengetsa. Thupi lija ulitalikitse ndi sikisi ku..." Kenaka mbuzi inalira, netiweki n'kuduka. Ku chiyani? Sikisi chiyani? Ndinaimba, foni yawo inali itathima.

Tsono taganizani ngati mmisiri. Kutsogolo tinali titamata kale pulayiwudi, pouma gwa. Kumbuyo kunali timitengo pamtunda, tikuchita kundiitana. Ndinayeza mainchesi 6 pa tepi, ndinawayang'ana, ndipo ndinati ayi, munthu wamkulu sangatumize uthenga wodutsa malire a Zobue ndi Nyamapanda chifukwa cha kanthu kosaposa chikhatho. Kuno timayeza ndi masentimita. Sikisi ndiye kuti sikisite. Ndinawonjezera masentimita 60 kumchira.

Ndipo ntchitoyo ndinaigwira bwino, izi zilembedwe. Mitengo inayi ikuluikulu ya thupi la ndege sulumikiza pongogunditsa mitu. Umasema mopendeka, malo olumikizawo atalike ka 15 kuposa kuchindikala kwa mtengo, kuti guluu agwire pakakulu. Ndinasema, ndinapala, ndinamata, moti chala chikadutsa sichimva pamene pali mfundo.

Guluu atauma ndi pamene ndinaona kuti chitseko cha shedi sichikutsekeka. Mchira unali panja, Novembala ali pakati, mitambo yakuda ikubwera. Mkulu wina wa kumpingo kwathu ali ndi galaja yaitali mzere wachiwiri kuchokera kwathu, ndiye ndinati tisamutse kukangoda, anthu a kwathu kuno ku Dzivarasekwa, mu Harare, asationere zathu. Ndinafunditsa chinthucho makatani akale a mayi a kunyumba ndi masaka. Pansi pa mpando wakumbuyo tinali tisanamate thabwa, choncho ndinalowetsa miyendo pamenepo n'kuchikweza m'chiuno, monga ndinkachitira posuntha m'shedi. Kale chinkakhazikika pomwepo. Tsiku limenelo mchira unakhala pansi, mphuno kuloza kumwamba. Ndinasendera kumbuyo pang'ono kumene thupi limayamba kuwonda, ndinakoka mwamphamvu, ndipo ndinamva kuti tswii. Chinakwera, chinadutsa lamba, chinakhala. Mwana wa achemwali analowa pansi pa katani kunyamula mchira, n'kutuluka ife pageti.

Magetsi anali atazima. Sitinayende ndi mayadi atatu omwe, mwana wina anakuwa, "Zvigure! Zvigure!" Ndilo dzina la Gule Wamkulu m'Chishona. Msewu wonse balalabalala. Amayi ogulitsa tomato anasiya tebulo. Agalu anayamba. Ine ndikuti ndifuule kuti ndine, mpweya mulibe, mtengo wandifinya pamchombo. Mwana wakumchira, pomva phokoso, anayamba kuthamanga osaona kumene akupita, ndiye chinthu chonse chinayamba kuzungulira, ine ndili pakati ndikupondaponda kuti ndisagwe. Anthu akuti ndinavina. Sindinavine. Ndinkafuna pokhazika phazi.

Agogo ena a kwa Kachindamoto, amene anabwera kuno dziko lino likadali Rhodesia, sanathawe. Anagwada pambali pa msewu, anaomba m'manja, n'kuponya ndalama pafumbi. Kenaka kunabwera abambo ena achikulire, nkhope ili gwaa, kudzafunsa ndi mawu apansipansi kuti chimkoko chatuluka ndi chilolezo cha yani, ndipo maliro ake ndi a ndani. Zakudambwe sitikamba pano, koma ndikuuzeni kuti kuyankha funso limenelo uli m'kati mwa katani ya maluwa si chinthu chapafupi.

Apo ndi pamene kombi inaima, n'kutsika amalume, chikwama kudzanja ili, thumba la ufa woyera wakumudzi paphewa.

Anakweza katani. Ndinati, "Amalume, mwafika bwanji? Ndithandizeni." Sanandiyang'ane n'komwe. Maso awo anali kumchira. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto, akuwerenga timitengo ndi chala, anabwerera, anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa tepi. Munthu wochokera kuchiliza, tepi ankatani nayo? Anauza mwana uja kuti asiye mchira. Mchira pansi, khu! Ine chagada pang'ono.

"Ima chilili, usapume kwambiri," anatero. "Mwayi ngati uwu supezeka kawiri."

Anapachika chikwama chawo kumphuno. Mchira sunasunthe. Anasanjikapo thumba la ufa. Unadzuka pang'ono n'kubwerera. Anapempha njerwa, ana omwe anathawa aja anabwera nazo akulimbirana. Njerwa yoyamba, yachiwiri, yachitatu, ndipo amalume akuphunzitsa khamu lonse, Chichewa uku Chishona uku, kuti kulemera pakokha si nkhani, nkhani ndi kutalika kwake kuchokera pokhazikika. Kilogalamu imodzi kumchira, ngati mchirawo uli kutali kanayi kuposa mphuno, imafuna makilogalamu anayi kutsogolo kuti ibwezedwe. Akamati "pokhazikika" ankaloza mimba yanga ndi tepi. Anthu ankagwedeza mitu. Mnyamata wina wa Fomu 4 anafunsa funso, ndipo linayankhidwa mokwanira, ndi chitsanzo. Ine miyendo ikunjenjemera, katundu yense wa ku Ntcheu ndi njerwa za eni ake zili pa chiuno changa, thukuta likulowa m'maso. Pamene mchira unadzuka n'kuima mowongoka, anthu anaomba m'manja. Ankaombera amalume.

"Ndinati kutsogolo," anatero pomaliza. "Mainchesi sikisi, injini ipite patsogolo."

Ndinati mbuzi ndi imene inalankhula pamenepo. Anati mbuzi ikanamva bwino.

Kunditulutsa ndiye kunali milandu. Mayi a kunyumba anathamanga ndi botolo la mafuta ophikira, amalume anatsekereza ndi manja onse awiri: mtengo ukamwa mafuta, guluu sagwiranso mpaka kalekale. Sopo anakana, ati madzi afufumitsa matabwa. Wina anabwera ndi sowo, amalume anamuyang'ana mpaka anakaibweza yekha. Mitengo imeneyi ndi spruce, simera kuno, inabwera ndi madola, pamene mphwawo anabadwa ulere. Anagwada, anasuzumira pansi, n'kupeza kuti chagwira ndi lamba, foni thumba ili, chikwama cha ndalama thumba linalo.

"Mayi, bweretsani chitenje. Thalauza ichoke."

"Bambo a ana, kwezani manja," anatero mayi a kunyumba, ndipo mawu awo ankanjenjemera, osati ndi chisoni. Azimayi awiri anagwira chitenje mozungulira, amalume anamasula lamba ali chogwada, thalauza inatsikira kumapazi, ndinapuma mpweya wonse kunja, ndipo ndege inatsetsereka yokha mpaka pansi. Chitenje chinali chachifupi mbali imodzi. Wojambula uja anaima mbali imeneyo.

Masentimita 60 aja tinadula. Amalume anayesa kuthyola mfundo zanga pabondo, mtengo unathyokera pena, mfundo osatheka, ndipo anangoti "hmm". Kwa amalume ameneyo ndi satifiketi, koma pa gulu paja palibe akutchula zimenezo. Injini adzaipititsa patsogolo ndi zitsulo zazitali zoigwirira, ndipo akuti pa Pietenpol phiko lomwe limatha kusendezedwa m'mbuyo popendeketsa timizati take tapakati, moti mwina thupi silikanafunika kukhudzidwa n'komwe. Izi akunena tsopano. Akuti tikamaliza tidzaiyeza pa masikelo atatu ngati anthu, a Civil Aviation Authority of Zimbabwe asanabwere kudzaiona, ndipo poti Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 pomwe mpweya ndi wopepuka ndipo injini imafooka, mmodzi wa ife ayenera kuchepetsa nsima. Sanatchule dzina.

Agogo a kwa Kachindamoto aja atumiza mdzukulu wawo kawiri konse. Akuti poti sichinali chilombo, ndalama yawo ibwezedwe. Ine ndalamayo sindinaione, ndinali m'katani. Funsani ana a njerwa aja.