Kope langa la mabanja a mawu a Chingerezi: pomwe ndafika

Mwezi uno kope langa lasintha maonekedwe. Kale tsamba lililonse linali ndi mawu a Chingerezi kumanzere, matanthauzo kumanja. Tsopano tsamba limodzi ndi la banja limodzi. Pamwamba ndimalemba decide, m'munsi mwake decision, decisive, decisively ndi indecisive, ndipo liwu lililonse ndimalifunira chiganizo chenicheni m'nyuzipepala, osati chopeka ndekha.

Kwa ife njira imeneyi si yachilendo. Mwana aliyense amadziwa kuti phunzira, phunzitsa, mphunzitsi ndi maphunziro ndi a m'mimba imodzi, ngakhale sanauzidwepo. Chingerezi nachonso chimabereka choncho, kungoti timichira take tambiri, monga -tion, -ment ndi -ity, tinachokera ku Chilatini kudzera m'Chifalansa, makamaka anthu a ku Normandy, dera la ku France, atalanda England mu 1066.

Kuti ndisamangotola mawu mwachisawawa, ndikutsatira Academic Word List, mndandanda womwe Averil Coxhead wa ku New Zealand anatulutsa mu 2000. Uli ndi mabanja 570 ogawidwa m'magulu 10, ndipo gulu loyamba, la mabanja 60, ndi la mawu omwe amabwerabwera kwambiri m'mabuku a maphunziro. Ndidakali m'gulu limenelo ndipo sindikuthamanga.

Tsamba lomwe landigwira kwambiri ndi la economy. Poyang'ana koyamba, economic ndi economical amaoneka ngati liwu limodzi, koma ntchito zawo n'zosiyana. Economic amanena za chuma, monga mmene nduna imalankhulira popereka bajeti. Economical amanena za chinthu chosawononga: galimoto yosamwa mafuta ambiri, kapena mbaula yomwe makala pang'ono amakwanira kuphika nsima ndi ndiwo zomwe. Palinso economist, katswiri wa zachuma, ndi economise, kusunga kapena kugwiritsa ntchito mosamala. Katchulidwe nakonso kamasuntha: mu economy mawu amatsindika pa "co", mu economic amatsindika pa "no". Ndimatchula mokweza kangapo mpaka lilime litazolowera, apo ayi liwu limakhala lodziwika m'maso okha, pakamwa osatuluka.

Choncho ndagula cholembera chofiira. Liwu lomwe lapatuka pa tanthauzo la abale ake ndimalizunguliza. Hardly walowa kale m'gulu limeneli, chifukwa "he works hard" ndi munthu wolimbikira, pomwe "he hardly works" ndi munthu amene ntchito amangoigwira mwa apo ndi apo. Lately nayenso sanena za kuchedwa, amanena za masiku aposachedwa. Kwa ine mawu ozunguliridwawa ndi amene akufunika nthawi yambiri, chifukwa ena onse munthu atha kuwaganizira akangodziwa tsinde.

Sabata yamawa ndikulowa banja la vary. Various ndi variety ndawapezera kale ziganizo, koma invariably ndikumufufuzabe m'nyuzipepala.