Batire la kalavani ya amalume likukana kudzaza

Loweruka. Kwatentha kuyambira m'mamawa, Okutobala wa ku Chipata mumamudziwa kale. Ndisanamwe ndi tiyi yemwe foni ya amalume yalowa, ati iwe bwera kuno ndi kamita kako koyezera magetsi kaja, kalavani yandisowetsa mtendere, sabata yamawa ndifuna kupita ku Mfuwe ndi anti ako koma magetsi m'katimo angofiira ngati nyali yotha mafuta. Ndinangoponya mita, masipanala ndi sikuludiraiva m'chikwama basi ulendo.

Kalavani imeneyi anaigula kwa banja lina limene linkagwira ntchito kuno, pobwerera kwawo ku America linagulitsa katundu. Ndiye ndi ya chi America zenizeni, ndipo nkhani yonse yalero yagona pamenepo. Kwawoko magetsi a m'nyumba ndi 120V pomwe kwathu kuno ndi 230V, choncho eni ake akale anaika thiransifoma m'bokosi lakutsogolo yotsitsa magetsi athu asanalowe m'kati. M'katimo muli magetsi a mitundu iwiri. Masoketi amayendera 120V ija. Koma mababu a kudenga, pampu ya madzi, fani, kachipangizo konunkhiza gasi akadontha, ngakhale kabodi koyendetsa firiji, zonsezi ndi za 12V. Firiji yake olo muziyendetsa pa gasi imafunabe 12V kuti iyake. Pakati pa mbali ziwirizi ndi pamene pali konveta, imatenga magetsi a pakhoma nkuwasandutsa 12V, kudyetsa mababu kwinaku ikutchaja batire. Amalume amangoitcha inveta poti ndi imene tonse tinaizolowera chiyambireni kuzimazima kwa malaiti, koma inveta imachita zosiyana, imatenga moto wa batire nkupereka wa m'masoketi.

Ndafika ndawapeza atakhala pa mpando pansi pa mtengo wa mango, nkhope yosakondwa. Chiganizo anali atapanga kale. Ati konveta yapsa, tiitanitse ina kunja. Ndinati amalume dikirani kaye, chinthu chimenecho si cha ndalama zochepa komanso kuti chifike kuno mvula idzakhala itayamba, tiyeni tiyeze kaye. Ine zimandipweteka mtima kuona munthu wamkulu akuwononga ndalama za penshoni pa chinthu chimene sanachiyeze nkomwe, ndipo batire anali atagula kale latsopano mwezi wathawu poganiza kuti vuto ndi limenelo.

Ndinayamba ndi batire, pulagi ili yozula. Mita inawerenga 11.4V. Batire lodzaza bwino likapumula limakhala pa 12.6 kapena 12.7, likafika cha ku 12.1 ndiye kuti latsala theka, ndiye 11.4 ndi batire loti lathetheratu. Kenako ndinawauza alowetse pulagi kukhoma, ine mita ili pomwepo pa mitu ya batire. Nambala siinasunthe olo pang'ono. Konveta ikamagwira ndipo njira ili yotseguka nambala imayenera kudumpha nthawi yomweyo kupita cha ku 13.6V, nthawi zina mpaka 14.4V ngati batire latsika kwambiri, ikamaliza kudzaza imabwerera ku 13.2V kungolisunga. Apa panalibe chilichonse. Kuyeza kumeneku nkosavuta, munthu aliyense wokhala ndi mita angachite, pulagi kunja werenga, pulagi m'kati werenga, zikafanana ndiye kuti moto wa konveta sukufika ku batire. Koma sikuti zatanthauza kuti konveta yafa ayi, zangotanthauza kuti penapake pakati pa khoma ndi batire njira yaduka.

Ndiye ndinayamba kutsata njirayo kuchokera kumayambiriro. Soketi ya pakhonde 228V, bwino. Kutuluka m'thiransifoma 117V, bwino, ndipo siinali yotentha modetsa nkhawa. M'kalavani masoketi onse moto ulipo, mabuleka onse ali m'mwamba, ndinagwetsa ndi kudzutsanso ya konveta chabe kuti ndikhutire, chifukwa buleka ina imagwa koma kumaoneka ngati ili bwinobwino. Nditaika khutu pa bokosi la konveta ndinamva kakulira kapansipansi, ndiye mtima unakhala pansi pang'ono, chinthu chakufa sichilira.

Ndinazula pulagi, kuchotsa waya wa negativu pa batire, nkutsegula chivundikiro cha bokosi chili pansi pa firiji. Fumbi lake! La msewu wofiira lija lodzaza mpaka mu kafani. Mafyuzi ang'onoang'ono a mababu ndi pampu onse anali bwino. Koma pambali pake pali mafyuzi awiri akuluakulu a 40A okhala paokha, ndipo nditawazula nkuwayang'ana padzuwa, onse awiri oduka pakati, pulasitiki yake yada. Mafyuzi awiriwa ntchito yawo ndi imodzi chabe, kuteteza konveta munthu akalumikiza batire mozondoka. Sapsa wambawamba. Akapsa onse pamodzi chonchi, pafupifupi nthawi zonse pali munthu amene anasinthanitsa mawaya, olo kwa kamphindi kochepa.

Ndinatuluka nawo m'manja. Amalume, batire latsopanoli anakuikirani ndani? Ati mnyamata wina wa pa garaji ina kumsika uko. Nanga poika panachitika chachilendo? Anakhala chete pang'ono kenako ati ee, panathetheka moto kwambiri, mnyamata anadumpha, kenako anasintha mawaya nkunena kuti zili bwino manje. Basi nkhani ndi imeneyo.

Koma mnyamatayo sindikumuda, ndipo ndinawauza amalume kuti asapite kukamukalipira. Aliyense wa ife amene anakulira pa mabatire a galimoto ndi a sola amadziwa chinthu chimodzi, wofiira ku pozitivu, wakuda ku negativu. Manje makalavani ambiri a ku America satsata zimenezo, amatsata mitundu ya mawaya a m'nyumba zakwawo. Pa batire mumapeza waya wakuda ndi woyera, ndipo wakudayo ndiye pozitivu, woyera ndiye negativu wopita ku chasisi, chitsulo chapansi chimene chimanyamula kalavani yonse. Munthu wa kuno akaona wakuda dzanja limapita lokha ku negativu osaganiza kawiri. Njira yotsimikiza si kuyang'ana mtundu, ndi kutsata waya ndi maso kapena ndi mita, umene wamangidwa ku chitsulo cha chasisi ndiye negativu, uzikhala wa mtundu uliwonse. Chikhala kuti mafyuzi aja panalibe bwenzi lero tikukamba za konveta yopsadi.

Ndiye taonani mmene zinayendera. Batire lakale linafooka, mwina ndi ukalamba chabe. Aika latsopano, mafyuzi apsa tsiku lomwelo, ndipo kuyambira pamenepo kalavani yakhala ikudya batire lokha ngakhale pulagi ili kukhoma usana ndi usiku. Masiku oyamba mababu amawala bwino poti batire linabwera lodzaza, amalume nkumati vuto latha. Kenako pang'onopang'ono kuyamba kufiira, pampu kumangong'ung'udza osakoka madzi, firiji kukana kuyaka. Masoketi akugwira, ndiye munthu sungaganize kuti pali chaduka.

Ndinakwera njinga ya kabaza kupita ku Down Shops kukasaka mafyuzi. A 10, 15, 20, 30 ali mbwee paliponse, a 40 ndinavutika nawo pang'ono mpaka ndinawapeza m'shopu ina ya zida za galimoto. Munthu wina amene anali pamenepo anati bwanji osangopinda kawaya kakopa nkuika, ife timatero. Ndinakana ndithu. Fyuzi ndi imene yapulumutsa bokosi lonse, ndiye ndiichotse ndiikepo waya woti tsiku lina wina akazondotsanso moto ukalowe mpaka m'kati? M'kalavani mmene muli silinda ya gasi, matabwa ndi makatani, ndipo mukugona anthu? Ayi. Komanso osaika yaikulu kuposa imene inalembedwa pa bokosi. Ndinagula anayi, awiri ndamata ndi tepi kuseri kwa chivundikiro.

Pobwerera ndinapeza malaiti apita. Anti anali ataphika nsima ya nkhuku ndi chibwabwa, tinadya, ine nkugwiritsa ntchito nthawiyo kupukuta fumbi m'bokosi ndi kabulashi. Kafani kaja kakatsekeka konveta imatentha nkumachepetsa mphamvu yokha, ndipo kumene akupitako ku chigwa cha Luangwa mwezi uno kutentha kumadutsa 40, Chipata imachita kuoneka yozizira. Amalume atatopa kudikira anabwereka jenereta kwa aneba.

Mafyuzi atsopano alowa, batire lalumikizidwa, jenereta yalira. Mababu waa! kuwala. Anti mpaka kuwomba m'manja pakhomo. Pa bokosi penipeni mita inawerenga 13.6V. Amalume ati basi tamaliza, tseka. Ndinati ayi dikirani ndione ku batire. Kumeneko 12.8V chabe. Batire lotsika limakoka moto wambiri ndiye kusiyana pang'ono kumakhalapo, koma uku kunandichulukira, moto wina ukutayika panjira. Ndinagona chagada pansi pa kalavani, pansi pakutentha, kutsata waya woyera uja mpaka pamene wamangidwa ku chasisi. Bawuti yake dzimbiri lokhalokha, mutu wa waya wobiriwira, ndipo nditaugwira unali wofunda. Polumikizira pakafunda ndiye kuti moto ukuvutika kudutsa. Tinazimitsa zonse, ndinamasula, kupala ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, kudula nsonga yowola ya waya nkuika mutu wina, kumanga zolimba, kupaka girisi pamwamba kuti madzi a mvula asalowe. Pafupi ndi batire pa waya wa pozitivu palinso kabuleka kakang'ono kamene anthu ambiri sadziwa kuti kalipo, nako ndinakapukuta ndi kukayeza mbali zonse ziwiri, kali bwino. Titayatsanso, ku batire 13.3V ndipo ikukwera pang'onopang'ono. Apo ndiye ndinavomera.

Chimene chatsala kundidetsa nkhawa ndi batire lenilenilo. Choyamba, limene anawagulitsa ndi la galimoto. Batire la galimoto linapangidwa kuti lipereke moto wambiri kwa masekondi ochepa poliza injini kenako lidzazidwe pompo, silikonda kutsitsidwa mpaka pansi. Kalavani imafuna la deep cycle, ngati aja timaika pa sola, limene limapirira kutsika ndi kukwera tsiku ndi tsiku, ngakhale nalonso si bwino kumalitsitsa kupitirira theka. Chachiwiri, ili lakhala lili lotheratu kwa masabata, ndipo batire la asidi likakhala choncho mapuleti ake amachita zokanirira zoyera zimene sizichoka zonse olo ulitchaje bwanji. Ndinatsegula timabowo tonse 6, m'maselo awiri madzi anali otsika, ndinathiramo madzi a batire ogula m'botolo mpaka kungophimba mapuleti. Osati a pampopi kapena a pachitsime chonde, ndipo asidi sawonjezera. Ndinawachenjezanso amalume kuti mlonda wawo asamasutire fodya pafupi, batire likamatchaja limatulutsa mpweya woyaka.

Ndinawaonetsanso chinthu china. Olo muzimitse mababu onse, kachipangizo ka gasi kaja ndi wailesi zimadyabe moto pang'onopang'ono, kalavani ikangokhala osalumikiza kukhoma batire limatha lokha m'masabata ochepa. Ndiye ikakhala kuti yaimikidwa ndipo simugona munthu, achotse waya wa negativu. Koma akamagonamo kachipangizo ka gasi kasazimitsidwe, pamenepo ndinanenetsa. Anafunsa za sola, poti kumene akamange msasa ku Mfuwe sakudziwa ngati adzapeza polumikiza. Ndinati nzotheka ndipo nzanzeru, panelo imodzi ndi kontrola yake molunjika ku batire, koma timalize kaye nkhani iyi. Anafunsanso ngati galimoto siingatchaje pokoka, msewu wonse uja wa makilomita opitirira 100. Imathandiza pang'ono kudzera pa pulagi ya ngolo ngati waya wake analumikiza, koma wayayo ndi wautali komanso wowonda, sungadalire kuti udzutse batire lakufa.

Malaiti anabwera cha m'ma 17, tinabweza jenereta nkulumikiza kukhoma. Ndisananyamuke ndinakulunga tepi yofiira pa waya wakuda uja, ndi kulemba + ndi − ndi penti pa bokosi la batire, kuti wina aliyense wodzagwirapo asagwe m'mbuna yomweyo. Ndawauza kuti usiku uno asayatse kanthu m'kalavani, lingotchaja. Mawa tikaweruka ku tchalitchi ndikazula pulagi, kuchotsa mawaya, kulisiya lipumule maola angapo kenako kuyeza, chifukwa ukayeza pompo utangochotsa pa chaja nambala imanama, imaoneka yokwera. Likakhala pa 12.6 ndiyatsa mababu ndi pampu ndione ngati likugwira. Likagwera ku 12.2 ndiye lafooka, likafika cha ku 10.5 ndiye kuti selo imodzi yafa ndipo Lolemba tikasake la deep cycle asananyamuke. Ndikabwerekanso haidromita, kachipangizo koyezera mphamvu ya asidi wa m'batire, kwa mnzanga wa sola ndiyeze selo iliyonse payokha, yodzaza bwino imawerenga cha ku 1.265.