Ulendo wa ku Chembe: mwera, usipa ndi sokosi ya a Tcheya

Inu a gulu lathu la zisudzo amene simunapite nawo ku Chembe, mudzi wa kunyanja ku Cape Maclear, kukaphunzira kujambula mafilimu pa foni, mwakhala mukufunsa chifukwa chake a Tcheya masiku ano tikuwatchula kuti a Sokosi. Ndinalonjeza kuti ndilemba, ndiye nayi nkhani. Ndalembanso chifukwa ulendowu wayamba kale kuphuka nthambi: wina akuti foni inagwera m'nyanja, wina akuti tinagona ndi njala. Palibe foni inagwera m'nyanja. Za njala tikambirana pansipa.

Tinanyamuka pa Chinamwali Lachisanu m'mamawa, tili anthu 13 mwa 14 amene analembetsa. Wa 14 nonse mukumudziwa. Anaimba tili pa Domasi kuti "ndili pafupi, musanyamuke", ndipo mpaka lero akubwerabe. Katundu wathu anali mafoni 9, pawa banki zitatu, tripod (choimikapo kamera) ija ya mwendo womanga ndi mphira, thumba la ufa, ndi katoni yomata pepala la siliva imene Mayi Chuma anaifungatira pamiyendo ulendo wonse ngati khanda. Anzathu a ku Chembe ndi amene anatiitana, ataona timavidiyo tathu pa Facebook. Paja pansi pa kavidiyo kalikonse pamakhala ndemanga ija yotipweteka mtima: "zikuoneka bwino koma sizikumveka". Iwo anailemba mwaulemu, kenako n'kuti bwerani tidzaphunzitsane.

Mkangano unayamba tisanafike pa Malosa. Bwana Kamera anatulutsa foni yake yatsopano ija n'kuyamba kujambula phiri pa zenera, ataigoneka. Achemwali a TikTok, amene anakhala kumbuyo kwake, anati aiimike. Bwana Kamera anayankha kuti filimu yeniyeni imagona, zoimirira ndi za anthu ovina pabafa. Apo ndiye anakhudza mavu. Achemwali anati kavidiyo kawo kamodzi koimirira kanaoneredwa ndi anthu ambiri kuposa zonse zimene iyeyo wajambula chiyambireni gulu. Anzathu anagawanika pawiri, Mphunzitsi akuyesa kulongosola za 16:9 (chithunzi chogona) ndi 9:16 (choimirira) popanda womvera, mpaka kondakitala analowererapo kuti iye amaonera poimika chifukwa dzanja linalo limakhala ndi ndalama za anthu. Mayi wina wogulitsa matemba, amene sankatidziwa n'komwe, anafunsa kuti kodi anthu a mufilimuyo akaimirira mu foni yogona, mitu siidulidwa? Tinaseka mpaka dalaivala anachepetsa wailesi kuti amve nawo. Mlanduwo sunagamulidwe tsiku limenelo.

Pa Liwonde minibasi inaima kudzaza anthu, ndipo Bwana Kamera anathamangira ku mlatho kukajambula mtsinje wa Shire. Anajambula madzi, anajambula namasupuni, anajambulanso madzi. Nkhani imeneyi isungeni, ibweranso.

Pa Mangochi tinasintha galimoto. Kuchoka apo mpaka pamphambano ya ku Cape Maclear, tisanafike Monkey Bay, aliyense anali akusinza. Tinadzuka pa matola, pamsewu wokhotakhota wodutsa m'mapiri a paki ya Lake Malawi National Park, anyani atakhala m'mbali ngati akuwerenga odutsa. Mphunzitsi sanalole mwayi kudutsa: anatiuza kuti pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980, UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984, ndipo mishoni ya Livingstonia inayambira kuno mu 1875 isanasamukire ku Bandawe chifukwa cha malungo. Tinamuthokoza. Kenako nyanja inatulukira kutsogolo kwathu ndipo mafoni onse 9 anadzuka nthawi imodzi, ena atagona, ena ataimirira.

Tsopano za chakudya, poti ndi pamene mbiri yanga ikuipitsidwa. Inde, ndi ine amene ndinanena pamsonkhano kuti ku nyanja tikadya chambo m'mawa, masana ndi madzulo. Ndikuvomereza. Titafika, amayi ake a mtsogoleri wa anzathu aja anatilandira ndi nsima yotentha, ya ufa wathu womwe uja, ndiwo zake usipa wofutsa ndi nkhwani wotendera. Maso onse anatembenukira kwa ine. Mwana wathu wa mawu, amene sadziwa kusunga nkhani m'mimba, anafunsa mokweza kuti "chambo chija chikubwera pambuyo?" Amayiwo anaseka mpaka anapukuta misozi ndi chitenje. Anati, "Ana anga, chambo masiku ano chimapita kwa alendo a m'malo ogona ndi kwa ogula a ku tauni. Ife eni nyanja timachiona chikudutsa." Mayi Chuma anapezerapo mwayi wotikumbutsa kuti pa ndalama imene tinasonkha, ngakhale mutu wa chambo sukanakwanira. Ndipo kunena zoona usipa umene uja, wovuulidwa usiku wathawo, si usipa umene timagula pamsika wa Zomba. Amene ankadandaula kwambiri ndi amene anapempha mtanda wachitatu. Sinditchula dzina, koma amavala chipewa chofiira. Loweruka madzulo anzathuwo anatidabwitsa ndi kampango, ndipo mutu wake unayambitsa mlandu wina pakati pa a Tcheya ndi Mphunzitsi, aliyense akuti ndiye wamkulu pa zaka. Amayi aja anaugawa pakati ndi mpeni osafunsa aliyense.

Loweruka m'mawa tinayamba tapita kwa amfumu kukalonjera ndi kupempha chilolezo chojambula pagombe. Kenako tinakhala pansi pa mtengo kuphunzira. Mwachidule: pukutani kagalasi ka kamera musanayambe, dinikizani chala pa nkhope ya wosewera mpaka kuwala ndi focus zitakhazikika, kuti foni isamasinthe yokha, musakoke chithunzi ndi zala, yendani musendere pafupi, dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula kapena cham'mbali, ndipo m'mamawa ndi madzulo ndiye nthawi yabwino, anthu awiri akamacheza kamera isadumphe mzere wodutsa pakati pawo, apo ayi amaoneka ngati akuyang'ana mbali imodzi, chochitika chilichonse chijambulidwe chapatali, chapakati ndi chapafupi, pemphani munthu musanamujambule, ana ndiye kudzera kwa makolo. Anatiuzanso kuti filimu ya Tangerine, yotuluka mu 2015 ku America, inajambulidwa ndi iPhone 5s ndipo inaonetsedwa ku chionetsero chachikulu cha mafilimu cha Sundance. Mlembi ali ndi zonse m'kope, amene akufuna akabwereke. Panali mfundo inanso imene tonse tinaigwedezera mutu, ya kuika foni pa flight mode kuti munthu asakuimbireni muli kujambula. Imeneyonso isungeni.

Nkhani yathu inali yaifupi: mkazi akudikira mwamuna wake msodzi amene wachedwa kubwera kunyanja, apongozi ake akumunena kuti ndi iye anamukakamiza kupita. Asisi athu a maliro, amene amalira pa siteji mpaka anthu kuponya ndalama, ndi amene anali mkaziyo. Tinajambula pafupi ndi mathandala oyanikapo usipa, chilumba cha Thumbi chikuoneka kumbuyo. Katoni ya Mayi Chuma inagwira ntchito yake, kubwezera kuwala pankhope. Asisi analira bwino kwambiri moti amayi ena amene ankatsuka mbale pagombe anasiya n'kubwera pafupi. Bwana Kamera anali akuyenda ngati tambala.

Masana tinakhala pakhonde kuti tione. Chithunzi chinali chokongola zedi, madzi obiriwira, misozi ikuwala patsaya. Mawu ake? Phuuu, phuuu, bvuuu. Milomo ya Asisi ikuyenda, koma ukumveka ndi mwera wokha. Ife tinali titaumva pathupi tsiku lonse, ukutikupiza bwinobwino, osaganiza kuti kabowo ka maiki ka foni kamaumva kuposa ife. Mu June mwera ndiye mwini nyanja, ndipo anzathu aja ankadziwa. Anatisiya dala tijambule. Ine poyamba ndinakwiya nazo, koma ndikuganiza kuti akanatiuza m'mawa tikanangogwedeza mitu ngati pa mfundo zina zija.

Ndiye panadzuka mnyamata wina wa gulu lawo, wosalankhulalankhula, amene foni yake ndi Tecno yosweka galasi yomangidwa selotepi. Anati foni yojambula chithunzi isiyeni ijambule chithunzi. Mawu atengedwe ndi foni ina, yobisidwa pachifuwa pa wosewera, pafupi ndi pakamwa. Poyamba penipeni munthu aombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera, kuti podula mudzalumikize phokoso la kuombako ndi pamene manja akukumana. Wosewera apatse mphepo msana. Ndipo foni ya mawuyo ivale sokosi, yokhuthala, kuti mphepo isamenye maiki mwachindunji.

Tinayang'anana kumapazi. Aliyense anali mu silipasi kapena wosavala. Munthu mmodzi yekha anabwera kunyanja atavala nsapato zachikopa ndi sokosi zaubweya, ndipo tinali titamuseka kuyambira pa Chinamwali.

A Tcheya anakana. Anati ulemu wa mpando suwalola. Anati sokosizo ndi mphatso. Mayi Chuma anati, "Achimwene, vulani, gulu likuvutika." Anavula imodzi, ya kumanzere, n'kupereka ndi foni yawo yomwe chifukwa ndi imene inali ndi batire. Asisi ataona kumene foniyo ikupita anabwerera m'mbuyo masitepe atatu. Anati iwo analirapo pa maliro abodza ambiri koma chipongwe chotere sanachionepo. Tinagwirizana kuti sokosi iyambe yachapidwa. Inachapidwa, koma mnyamata uja anati yonyowa siithandiza, ndiye tinadikira itapachikidwa pa thandala pakati pa usipa. Asisi akuti pamapeto pake fungo linali la zinthu ziwiri. Misozi imene mudzaione mufilimumo, ina ndi ya luso, ina ndi ya sokosi.

Ndipo zinatheka. Titamvera pa ma earphone, mawu a Asisi anali pafupi ngati akukunong'oneza, mafunde akumveka chapatali. Mwana wathu wa mawu analumpha. Tinabwereza kangapo chifukwa apongozi ankaiwala mawu, kenako mbuzi inadutsa, kenako ana anabwera kudzaimirira kumbuyo n'kumakweza zala ziwiri. Ulendo wa 7 zonse zinagwirizana. Dzuwa linali litapendeka, gombe lili zii, Asisi afika pa mawu omaliza aja, liwu likunjenjemera. Pamenepo pachifuwa pawo panayamba kulira nyimbo ya kwaya. Anali mayi a kunyumba kwa a Tcheya, akufuna kudziwa ngati anafika bwino, poti chifikireni sanaimbe. Kujambula mawu kunadukira pomwepo. A Tcheya anayankha foniyo ili m'sokosi momwemo, ataima pamchenga phazi limodzi lili pamtunda, akuti "eya, tili pa ntchito, ndiimbanso". Chithunzi chimenechi chilipo. Achemwali a TikTok anachijambula ataimika foni, ndipo pa ichi chokha Bwana Kamera anavomereza kuti kuimika kunali koyenera, chifukwa phazi ndi nkhope zonse zinalowa.

Tikuti tiyambirenso, foni ya Bwana Kamera inakana: malo adzaza. Zinadziwika kuti kuyambira pa Malosa ankajambula pa 4K, imene ili ndi timadontho ta chithunzi kanayi kuposa 1080p ndipo imadya malo mosaona nkhope. Dzuwa likulowa, panalibe nthawi yosamutsa. Anayenera kusankha pakati pa zithunzi za chinkhoswe cha mlongo wake ndi mtsinje wa Shire. Shire yense anapita, ndi namasupuni wake. Ulendo wa 8 ndi umene uli mufilimumo, pa 1080p, ndipo palibe amene waona kusiyana.

Usiku tinadula ndi kulumikiza filimuyo pa pulogalamu ya CapCut, mafoni akutchajidwa pa sola ya anzathu, panyanja nyali za osodza usipa zitandandalika ngati tauni ina. Lamlungu titaweruka ku tchalitchi tinaonetsa pa TV m'kanyumba koonetsera mpira. Munadzaza. Amayi anawomba m'manja pa kulira kwa Asisi. Koma agogo ena, msodzi wakale, anadikira mpaka phokoso litatha n'kunena kuti mnyamata wathu amene anasewera mwamuna uja anagwira nkhafi ngati akutakasa phala, ndipo palibe msodzi wanzeru amene angakankhe bwato mwera uli chonchija, ngakhale mkazi atamukakamiza bwanji. Anzathu a ku Chembe anaseka, ife tinazizidwa. Tinalemba nkhani ya asodzi tili ku Zomba osafunsa msodzi ngakhale mmodzi. Agogowo alonjeza kuti tikadzabweranso adzakhala nafe polemba, bola tidzawabweretsere mbatata ya kachewere ya paphiri.

Zikomo kwa amfumu potilola. Zikomo amayi athu a nsima, ndi atsikana awiri aja amene ankatunga madzi ife tikukangana za mutu wa kampango. Zikomo mnyamata wa Tecno. Tikudikira kuti ubwere ku Zomba udzatiphunzitse zodula, malo ogona alipo kwa Mphunzitsi, ungopirira mbiri yakale. Mayi Chuma, chenji chinakwana mpaka pa kwacha yomaliza, Mulungu akudalitseni. Dalaivala wa matola amene anabwerera kudzatenga tripod titaiiwala. Wa chipewa chofiira, poonetsetsa kuti nsima isatsale. Wa 14, tikukudikirabe pa Domasi.

Msonkhano ndi Loweruka nthawi ya 2 koloko pamalo athu a masiku onse. Aliyense abwere ndi chopereka cha kamaiki kopanira pakolala, komanso achotse zosafunika mu foni. Anzathu abwera mu September, ndiye tikambirane za chakudya, ndipo ine sindilonjezanso ndiwo iliyonse. Sokosi ya kumanzere inatsala ku Chembe, anaipempha. A Tcheya akuti amene akufuna ya kumanja alembe kalata kudzera kwa mlembi.