Kambuku atsala kaye kwathu mpaka agogo amalize kumanga

Lolemba ndinafika kuntchito 7 koloko isanakwane, ndinapeza foni ikulira kale. Moto unabuka usiku m'mikhukhu ina kufupi ndi Roodepoort. Mwezi wa Juni kuno ku Joni kumazizira mpaka udzu kuchita kuyera ndi chisanu, ndiye anthu amagona mbaula kapena sitovu ya palafini ili chiyakire. Ikangogubuduka imodzi, mzere wonse wapita, poti nyumbazo n'zamalata, matabwa ndi mapulasitiki, zomangidwa mogundana.

Ndimagwira ntchito kubungwe lina losamalira ziweto kumadzulo kwa Johannesburg. Sindine dokotala. Ndimayendetsa galimoto, kugwira agalu akamabayidwa, kutsuka zilonda, komanso kumasulira akabwera anthu akwathu. Anzanga ena kutchalitchi amandifunsa kuti, "Achimwene, munachokeradi ku Ntcheu kudzalera agalu?" Akanabwera nane Lolembalo sakanafunsanso.

Tinapeza utsi ukufukabe. Pakati pa malata opiringizika panali agogo aamuna atakhala pandowa, galu wofiirira ali pakati pa miyendo yawo. Anzawo onse anakagona kuholo, koma kuholoko salola ziweto, ndiye iwo anachezera panja ndi jekete basi. Nditawapatsa moni m'Chizulu, kayankhidwe kawo kanandiuza zonse.

"Agogo, kwanu n'kuti?"

"Ku Mtakataka, kwa Kachindamoto. Iwenso ndiwe wakwathu, mwana wanga?"

Galuyo, dzina lake Kambuku, ubweya wa pamsana unali utawauka, ndipo khungu la kunsi kwa mapazi akutsogolo linali litasupuka. Agogo anati ndiye anawadzutsa, kuuwa ndi kukanda chitseko mpaka iwo kutuluka. Maganizo anga anathamangira ku nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, pakati pa mzinda wa Johannesburg, kumene moto wa pa 31 Ogasiti 2023 unapha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Moto wa usiku umapeza anthu ali m'tulo.

Kenako anati, "Mutengeni, mukampatse wina. Ine ndilibenso pomusunga." Koma chingwe anachikulunga kawiri kudzanja, osachisiya. Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri, ndipo kawirikawiri wowanenayo sakufuna kutaya chiweto chake. Chimene chamusowa ndi pochisunga kwa masabata ochepa. Ndinawauza kuti, "Agogo, sitikumulanda. Timusunga, timpoletsa mapaziwa, inu muyambe mwamanga." Anandifunsa katatu kuti alipira zingati. Anazengerezanso kulembetsa dzina papepala, monga amachitira anthu ambiri akwathu amene mapepala awo sali bwino. Ife sitifunsa pasipoti. Timangofuna kudziwa mwini galu ndi kumene tingamupeze.

Lachiwiri linali logawa chakudya cha ziweto. Timatsegula matumba akuluakulu n'kupungulira m'timatumba ta makilogalamu awiriawiri, kupatsa mabanja amene ganyu yawathera. Ambiri amasakaniza ndi nsima, imene kuno amati pap, kuti chikhalitse. Palibe vuto, bola asaikemo anyezi kapena mafupa ankhuku ophika.

Lachitatu tinakabaya katemera pabwalo lina ku Zandspruit. Lamulo la dziko lino limati galu ndi mphaka aliyense abayidwe katemera wa chiwewe akakwana miyezi itatu, abwereze chaka chisanathe, kenako zaka zitatu zilizonse. Amene amabweretsa agalu ambiri ndi ana, ena atawamanga ndi waya m'khosi. Waya timadula n'kuwaveka lamba. Anawo ndimawauzanso zimene ndikanakonda kudziwa ndili wamng'ono kumudzi: galu akakuluma, tsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangira kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chiwewe chikayamba kuonekera sichichizika.

Za Lachinayi ndizo zandikhala pamtima. Chakumasana kunabwera mayi wina wa ku Mulanje, mwana kumbuyo, m'manja chikwama chachikulu chamizeremizere, cha mtundu umene timanyamulira katundu pokakwera basi ku Park Station. M'chikwamamo munali mphaka wakuda. Mayiyo diso limodzi linali lotupa. Anayankhula motsitsa mawu kuti bambo a kunyumba amawamenya, ndipo malo othawirako amayi anawapeza kalekale, koma kumeneko salandira ziweto. Bamboyo anali atanena kuti tsiku limene adzachoke, mphakayo adzamuponya m'chimbudzi. Anapirira miyezi ingapo chifukwa cha mawu amenewo.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti, "Mphaka weniweniyu?" Koma mayi ameneyu kuno alibe mayi ake, alibe ankhoswe oti akawadandaulire, ndipo masana onse amatsekeredwa m'kachipinda kakuseri ndi mwana ndi mphakayo. Ine sindinawafunse zambiri. Ndinati, "Mayi, musiyeni kuno, inu pitani lero lomwe." Mphakayo tinamuika kachipangizo kakang'ono ngati kambewu ka mpunga pansi pa khungu la pakhosi, kokhala ndi nambala yosonyeza kuti mwini wake ndi iwowo, kuti wina asadzabwere kudzanama. Potuluka pageti anatembenuka kawiri.

Lachisanu tinataya kagalu ka miyezi iwiri. Mnyamata anakabweretsa m'katoni katafooka kale ndi kusanza ndi kutsegula m'mimba kwa magazi. Ndi matenda a parvo, amene kuno amawatchula kuti cat flu ngakhale sachokera kwa amphaka. Dokotala anakaika diripi, koma kanatisiya cha m'ma 3 koloko. Sindinamudzudzule mnyamatayo kuti anachedwa. Anayenda wapansi ulendo wonse chifukwa matakisi awiri anamukaniza kukwera ndi galu. Ndinangomulangiza kuti atsuke pakhomo ndi Jik, ndiponso asafulumire kutenga kagalu kena, poti kachilomboka kamakhala m'dothi miyezi yambiri.

Loweruka m'mawa ndikukolopa m'makola, mlonda anandiitana kuti kuli mlendo. Anali agogo aja, atakwera matakisi awiri, m'manja muli kapulasitiki ka mkute ndi tiusipa. Kambuku atangomva mawu awo anadzuka ndi mabandeji ake, kulira ngati mwana, mchira ukumenya waya wa khola. Agogo anagwada pasimenti yonyowa n'kuyamba kumunyemera nsimayo pang'onopang'ono.

Anandiuza kuti apeza malata asanu ndi limodzi ndi mitengo ingapo, kwatsala chitseko. Dokotala anati mapaziwo afunika masabata ena awiri. Tinagwirizana kuti Kambuku atsale mpaka pamenepo, ndipo Lachiwiri likubwerali, popita kukagawa chakudya, ndidzawapatsira waya wotsala kuno kuti amangire kampanda pakhomo.