Lolemba, 16 Disembala 2024: usiku wa mphoto ku Marrakech

Ndikulemba nthawi yatha kale koma tulo palibe. Mwambo wa mphoto za CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa, ku Marrakech, m'dziko la Morocco, wangotha kumene, ndipo mtima wanga uli pawiri.

Nkhaniyi anaiyambitsa ndi bambo m'mawa ndisanapite kuntchito. Anandipeza ndikumanga zingwe za nsapato n'kundifunsa kuti, "Mwanawe, ndiye lero apatsa ndani?" Ndinawawerengera mayina asanu omwe anatsala kwa amuna pa mphoto ya wosewera mpira wapamwamba wa mu Africa: Ademola Lookman wa ku Nigeria, Achraf Hakimi wa ku Morocco, Serhou Guirassy wa ku Guinea, Simon Adingra wa ku Côte d'Ivoire, ndi goloboyi wa ku South Africa, Ronwen Williams. Atamva dzina lomalizalo anagwedeza mutu. "Wa kuno kummwera ndi yekhayo? Ndiye aiwale."

Bambo ali ndi chifukwa choyankhulira choncho. Chiyambireni mphotoyi mu 1970, pomwe magazini ya France Football inapatsa Salif Keita wa ku Mali, mwamuna wa kummwera kwa Africa amene anaitengako ndi mmodzi yekha, Kalusha Bwalya wa ku Zambia, mu 1988. Nkhani ya chaka chimenecho ndaimva kambirimbiri, komabe bambo akamaifotokoza ndimasiya zonse. Amati anamvera pa wailesi Zambia ikuswa Italy 4-0 pa masewera a Olimpiki ku South Korea, Kalusha yekha n'kumwetsa zitatu. Akafika pamenepo amatambasula mwendo wamanzere ali pampando pomwepo, kuonetsa m'mene ankamenyera mpira. Kenako mawu amatsika, chifukwa nkhani ya Kalusha siyitha osatchula ndege ija inagwa m'nyanja ku Gabon mu Epulo 1993 n'kupha anzake a mutimu. Iye anapulumuka poti ankasewera ku PSV ya ku Netherlands, ndipo amayenera kukakumana nawo kutsogolo.

Kuntchito tsiku linali lotopetsa, palibe cholemba. Kupatula nthawi ya nkhomaliro, pomwe mnzanga wina anaumirira kuti Hakimi atenga basi chifukwa mwambo uli kwawo. Ndinamuuza kuti amavota ndi aphunzitsi ndi makaputeni a matimu a mayiko, pamodzi ndi atolankhani ndi akatswiri ena, osati eni holo. Sanandikhulupirire. Sindikumudzudzula, poti mphotoyi yasiyapo anthu ambiri ndi mabala. Jay-Jay Okocha, munthu amene ankachita ndi mpira zimene ena amangolota, sanaigwirepo. Mohamed Aboutrika ankasewera ku Al Ahly ya ku Egypt, anapambana chikho cha Africa ndi Egypt mu 2006 ndi 2008, n'kumwetsa yekha chigoli cha mu fainolo ya 2008, koma mphoto ya chaka chimenecho inapita kwa Emmanuel Adebayor wa ku Arsenal. Ine mpaka lero chimenecho chimandiwawa. Zikuoneka ngati kuti Africa ikuone, uyambe waoneka ku Ulaya.

Madzulo tinakhala pamodzi kuonera. Mwambo unachedwa ndi zoyankhula zambirimbiri, bambo n'kuyamba kusinza. Ndinawagwedeza pomwe Williams amaitanidwa kukalandira mphoto ya goloboyi wapamwamba, kenako inanso ya osewera m'makalabu a mu Africa muno. Anayenera. Amene anaonera South Africa ikusewera ndi Cape Verde mu Febuluwale uja sangaiwale: mapenate anayi kugwira munthu mmodzi, ena akumenya ngati akumupatsira dala pomwe ndi iyeyo anawawerenga maso. Bambo anawomba m'manja pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Amupatsa ziwiri zazing'ono kuti asafunse yayikulu."

Yayikuluyo inapitadi kwa Lookman. Ndipo kunena chilungamo, sindingatsutse. Mu Meyi, ku Dublin, Atalanta, kalabu yake ya ku Italy, inakumana mu fainolo ya Europa League ndi Bayer Leverkusen, timu yomwe inali itasewera masewera 51 osagonja. Lookman anamwetsa zigoli zonse zitatu, 3-0. Chachiwiri chija ndimachibwerezabe pa foni: anadutsitsa mpira pakati pa miyendo ya Granit Xhaka n'kuukhotetsera pakona ya golo ndi mwendo wamanja. Ku chikho cha Africa anathandizanso Nigeria kufika mu fainolo, ngakhale anagonja 2-1 kwa eni bwalo a Côte d'Ivoire. Mnyamatayu anabadwira ku London, anapambana chikho cha dziko lonse cha osaposa zaka 20 ndi England mu 2017, ndipo jezi ya Nigeria anayamba kuvala mu 2022. Lero anakwera pansanja atavala chovala cha kwawo kwa makolo ake, n'kukumbutsa anthu za penate yomwe anaphonya mochititsa manyazi ali ku Fulham zaka zinayi zapitazo. Ndinamukonda chifukwa sanabise. Chaka chatha anali Victor Osimhen, ndiye kuti Nigeria yatenga kawiri motsatizana.

Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi mphoto ya amayi. Atatchula dzina la Barbra Banda, bambo anaimirira. Sindikukokomeza, anaimiriradi, chipewa chili m'manja. "Zambia! Patha zaka 36," anatero. Barbra anamwetsa zigoli zitatu m'masewera awiri otsatizana ku Olimpiki ya Tokyo, n'kubwerezanso chaka chino ku France posewera ndi Australia, ngakhale Zambia inagonja 6-5. Mwezi watha ndiye anamwetsa chigoli chokhacho chomwe chinapatsa Orlando Pride ukatswiri wa ligi ya amayi ku America. Ndi mkazi woyamba wa ku Zambia kutenga mphotoyi, yomwe Asisat Oshoala wa ku Nigeria anaitenga kasanu ndi kamodzi.

Ndasangalala naye, ndi mtima wonse. Komanso ndikuganiza za Temwa Chawinga. Mu ligi yomweyo ya ku America, chaka chomwechi, Temwa wamwetsa zigoli 20 ku Kansas City Current, kuposa 18 za Sam Kerr zomwe zinali zisanaposedwe, ndipo ndi iye anasankhidwa wosewera wapamwamba wa ligi yonse. Mkulu wake Tabitha anaposa onse pomwetsa zigoli ku Italy ali ku Inter, n'kukachitanso chimodzimodzi ku France ali ku PSG, pano ali ku Lyon. Chimene akusowa awiriwa si luso. Barbra dziko lonse lamuona ku Olimpiki kawiri ndi ku chikho cha dziko lonse cha 2023 atavala jezi ya kwawo. Scorchers inagonjetsa Zambia yomweyo 2-1 mu fainolo ya COSAFA mu 2023, koma pofika mu 2024 kumabwalo akuluakulu kumene ovota amayang'ana inali isanafikeko. Mwana wa eni amatha kunyamula kalabu yekha, koma dziko limafuna kuti ena akonze njira, ndalama, makampu ndi masewera oyeserera.

Ndinawauza bambo zimenezi tikuzimitsa kanema. Anakhala chete kanthawi, kenako anandifunsa kuti Temwa ali ndi zaka zingati. Ndinati 26.

"Nthawi akadali nayo," anatero, akupita kukagona. Atafika pachitseko anatembenuka. "Mawa undionetse zigoli zake zija pa foni yakoyo. Zonse 20."