Ndabwerako ku Mtakataka, zikomo nonse

Abale anga a ku Kawale ndi konse komwe muli, maphunziro a upolisi aja atha ndipo pano ndine konsitabo. Foni yadzadza ndi mauthenga moti kuyankha mmodzimmodzi sindikwanitsa ndiye ndangoti ndilembe pano aliyense aone.

Poyamba ndi Mulungu. Kenako inu amayi, dzina langa linatuluka inu mutangotuluka kumene mchipatala, geni ya mandasi itaima, mnyumba mulibe olo ya thiranki, ndowa, bulangeti kaya nsapato zothamangira, koma munati mwanawe upita basi. Azimayi a banki mkhonde munasonkha osafunsa kuti ibwera liti, ena mpaka munabwera ndi sopo ndi chiponde mmabotolo. Amalume munasiya kabaza wanu tsiku lonse kundiperekeza, kudzera ku Dedza kutsika Khwekhwelere mpaka pa Golomoti. Zimenezi sindingazibweze.

Kumeneko sikopita mwachibwana ayi. Tsitsi anatimeta mpala tonse, kudzuka kusanache kuthamanga tikuyimba, kenako dirilu padzuwa la ku Mtakataka lija lomwe limawotcha mpaka mkati mwa jombo, usiku ena akugona iwe uli ndi polishi ndi kansalu kupukuta jombo kuti mmawa pa inisipekishoni usabwezedwe. Nditadwala malungo mnzanga wa bedi loyandikana, mtsikana wa ku Karonga yemwe sitinkadziwana nkomwe, ankandichapira yunifomu ndikusita, kunditengera phala, kundikopera manotsi. Sisi, ndikudziwa uwerenga izi, ndiwe m'bale wanga mpaka kale.

Alangizi athu ndikuthokozeninso, makamaka a mkalasi. Anthu amaona ngati upolisi ndi kuguba ndi mfuti basi koma tinakhala pansi ndi Penal Code ndi Police Act ya 2010, kuphunzira kulemba sitetimenti, kulemba mu OB (buku lolembamo zonse zochitika pa polisi), kulandira mayi kapena mwana wochitiridwa nkhanza ku Victim Support Unit osamuchititsa manyazi, komanso kuti munthu ukamumanga akaonekere kukhoti pasanathe maola 48 ndipo umuuze chomwe wamumangira. Munatiuzanso komwe tachokera, kuti polisi inayamba mu 1921 nthawi ya atsamunda ili Nyasaland Police likulu lili ku Zomba, lisanabwere kuno ku Area 30, ndikuti matipate ambiri atabwera mu 1994 ntchito inasintha, mpaka kubwera community policing yogwira limodzi ndi mafumu ndi anthu mmadera. Phunziro limeneli linandikhudza kwambiri chifukwa cha agogo anga. Iwo anakula nthawi yomwe galimoto ya polisi ikalowa mmudzi anthu ankathawira kudimba, ndipo atamva kuti ndalembedwa anakhala chete masiku angapo. Koma pa pasi awuti, mwambo wotsekera maphunziro uja, anabwera, anakhala padzuwa bandi ikuyimba mpaka perete yonse kutha, atandigwira dzanja anangoti usakazunze ana a eni. Agogo ndamva, ndipo ndikasunga.

Ang'ono anga amene muli ndi MSCE mukundifunsa mu inbox, dikirani polisi ikalengeza yokha, aliyense wokuuzani kuti mumpatse ndalama akulowetseni ndi wakuba ameneyo, ine sindinapereke olo 1 tambala. Yambani kuthamanga panopa.

Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi kuli mapemphero othokoza kunyumba kwa amayi, bwerani nonse, thobwa afulula kale. Za komwe anditumize ndikuuzani zikatuluka.